Ndinalankhula Wailesi Isanadzuke

Inu owerenga, mkazi wanga anamwalira chifukwa ndinalephera kudikira mphindi zitatu zokha. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, lero ndiulule.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma m'masiku a chipani chimodzi ndinkagwira ntchito pa kachipatala kena ku Usisya, kumene galimoto sinkafika. Matenda akakula tinkaitanitsa boti ku boma pa wailesi ya mauthenga, ndipo wailesiyo inali m'manja mwanga. Mmisiri amene anaiika anandichenjeza kuti kababu kofiira kakayaka ndiye kuti moto wangolowa chabe. Anati ndizidikira m'kati mutenthe mpaka singano ikwere, ndiye ndiziitana, ndipo ndisamazimitse a ku boma asanayankhe kuti amva. Koma nditazolowera ndinayamba matama, n'kumadziona katswiri.

Tsiku lina m'mawa mkazi wanga Nyachirwa, amene anali woyembekezera, anayamba kutaya magazi. Anamwino anati zawakanika, ndiitanitse boti msanga. Ndinathamanga n'kuyatsa wailesi, kababu kaja n'kuyaka. Singano sindinaiyang'ane n'komwe. Ndinanena uthenga kawiri, koma kunali zii. Ndinadzinamiza kuti amva, angochita ulesi kuyankha. Kubuula kwa mkazi wanga kunkamveka kuseri kwa khoma, choncho ndinazimitsa n'kuthamangira komweko.

Alamu anga anali atakokera kale bwato m'madzi kuti apalase naye. Ndinawaletsa ndine. Apongozi anandifunsa kuti, "Ada, boti libwera nadi?" Ndinawatsimikizira kuti lanyamuka kale.

Tinayang'ana panyanja mpaka dzuwa linafika paliwombo. Poona kuti boti silikubwera, ndinakayatsanso wailesi ija, ulendo uno n'kudikira singano. A ku boma anayankha nthawi yomweyo, nati mawu anga akuwamva koyamba tsiku limenelo. Boti linafika Nyachirwa atatsamaya kale, pamodzi ndi mwana amene sindinamuone nkhope.

Pamaliro anthu ankatukwana a ku boma chapansipansi, poti masiku amenewo sunkadandaula mokweza. Ine sindinaulule kuti wolakwa ndinali ine. Apongozi anamwalira akundiyamikabe kuti ndinayesetsa, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Inu owerenga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chikayaka musamafulumire kuganiza kuti chakonzeka, ndipo mukatuma mawu, dikirani yankho. Ine ndinangolankhula ndekha m'chipinda, mkazi wanga akudikira boti limene palibe analiitana.