Fyuluta ya Palafini ya Che Bwanali

Ndikakumbukira Che Bwanali, m'mphuno mwanga mumabwera utsi wa malasha a m'mbaula, wosakanikirana ndi kafungo ka madzi ogonera ngati a m'dambo. Ankakhala chipinda choyandikana ndi chathu, kuseri kwa nyumba ina ku Alexandra, dera la ku Joni. Sanali m'bale wathu, koma poti iwo anali a ku Machinga, bambo anga a ku Zomba, ndinkawaitana kuti agogo. Anabwera ku Joni kudzagwira ntchito ya mumgodi, kenako anakhala zaka zambiri akusamala maluwa kwa azungu ena ku Sandton.

Tsiku lina galimoto inawatsitsa pageti pamodzi ndi thanki yagalasi ndi ndowa ziwiri. Azungu awo ankasamukira kunja, ntchito inali yatha, ndipo chowatsanzikira chinali chimenecho. Anayala timiyala pansi m'thankimo, nadzala udzu wa m'madzi phesi limodzilimodzi, nathiramo tinsomba tofiira ndi tabuluu tosaposa chala changa. Ine mutu unaima. Munthu amene zaka zonse zija ankazula udzu, lero akuudzala, m'madzi, m'chipinda chogona!

Pasanathe sabata madzi anachita mbuu. Tinsomba tinkabwera pamwamba kukamwa kuli yasa, ndipo m'mawa uliwonse ankavuulamo kamodzi kakufa ndi sipuni. Mayi anga anati angozitaya. Iwo anayankha kuti, “Mayi a Patuma, zaka zonse zija ndatuluka ndi ichi chokha. Ndichitaye?”

Anakumbukira kuti kwa azungu kuja kuseri kwa thanki kunkalira kamakina kosefa madzi, kotchedwa fyuluta, koma adona anapatsa mnzawo. Loweruka anavala jekete, nandipempha kwa mayi kuti ndikawalankhulire Chingerezi, popeza iwo ankadziwa Chifanakalo cha kumgodi chokha. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tili m'tekisi anandilangiza kuti, “Patuma, ukayambe wanena kuti kwathu kulibe magetsi. Atipatse ya palafini. Ngati kuli mafiriji a palafini, fyuluta singalephere.”

Sitoloyo inali yozizira, yowala ngati chipatala, mathanki ali ndandanda, madzi akuchita bwibwibwi. Munali dona wina ndi mwana wake wamkazi, msinkhu wanga, amene anandiyang'ana nsapato. Mwini sitolo, mzungu, atafunsa chimene tikufuna, ndinati fyuluta ya thanki ya udzu. Za magetsi zija ndinachita nazo manyazi, ndipo ndinazimeza.

Mzunguyo anatulutsa mabokosi atatu, nayamba kulankhula mothamanga. Ndinkatola mawu amodzi, atatu n'kundipulumuka.

“Akuti iyi imakhala pansi pa timiyala, ndiye muzule udzu wonse.”

“Ndizule? Iyayi. Mizu yangogwira kumene. Inayo?”

“Iyi ili ndi injini. Imakankha madzi mwamphamvu.”

“Udzu wanthete uja ugona pansi. Yachitatu?”

“Iyi ndi ya siponji, imatulutsa thovu. Akuti nsomba zimafuna mpweya, koma thovu likachuluka limathamangitsa mpweya wa udzu.”

Agogo anavula chipewa n'kukanda m'mutu. “Mpweya uli pawiri? Wa nsomba wina, wa udzu wina? Nanga zimakhala bwanji nyumba imodzi? Wamva bwino iwe?”

Sindinadziwe ngati ndamva bwino. Mzungu anafunsa kukula kwa thanki, agogo anatambasula manja. Anafunsa mtundu wa nsomba, agogo anati zazing'ono. Anajambula mivi papepala, agogo nalitembenuza chadodolido n'kugwedeza mutu mwaulemu. Pomaliza anasankha ya siponji, ati iyo ndi yofatsa, siivutitsa chomera. Kenako anatsegula bokosi, nasolola chingwe chokhala ndi pulagi kumapeto.

“Nanga palafini amathira pati?”

Agogo anatembenukira kwa mzungu uja, nati m'Chifanakalo chawo, “Ayikona magetsi, bwana. Alexandra.” Mzunguyo anandiyang'ana ine, kenako iwo, n'kunena pang'onopang'ono kuti zonse zitatu n'zamagetsi, ya palafini kulibe. Mwana wa dona uja anaseka. Ndinkafuna pansi patang'ambika.

Mwini sitolo sanakwiye. Anabweza mabokosi, nati tikanayamba ndi zimenezo. Ulendo uno ndinamasulira liwu lililonse: nsomba zichepe, chakudya chichepe, thanki ikhale pomwe pamafika kuwala, ndipo sabata iliyonse achotse ndowa imodzi ya madzi n'kuthira ena ogonetsa. Udzu ukakula bwino, udzasefa wokha.

“Ndiye kuti fyuluta ndili nayo kale?” anafunsa agogo. “Nanga amagulitsiranji zinazi?” Funso limenelo mzungu anangoliseka.

Pobwerera ndinkadikira kukalipiridwa. Tinadutsa mafakitale a ku Marlboro. Titatsika anangoti, “Patuma, kusowa magetsi si kuba ayi. Ukanangonena.” Sanawauze mayi, ndipo sanazitchulenso.

Theka la nsomba anakabweza kusitolo m'chigubu. Anasuntha bedi lawo kuti thanki ikhale pawindo. Madzi anayera, udzu unafika pamwamba. Itafika June anafunditsa thanki bulangete lawo lakumgodi, iwo n'kumagona m'jasi, komabe chisanu cha Joni chinatha nsomba zonse. Ndinaganiza kuti basi, nkhani yatha. Koma anapitiriza kutunga madzi kumpopi, kudulira masamba ndi kalumo, kupukuta galasi, zaka zinayi, mpaka pamene anabwerera kumudzi. Anthu a pabwalo ankati mdala wazungulira mutu. Nditawafunsa chifukwa chosungira thanki yopanda nsomba, anandiyang'ana ngati funsolo ndi limene linali lodabwitsa. “Udzuwu wafa?”

Mpaka lero sindidziwa ngati ankakonda udzuwo, kapena ankangofuna podzukira m'mawa. Panopa ndimaperekeza anthu akwathu ongofika kumene ku chipatala ndi kumaofesi, kukawalankhulira. Ena amandinong'oneza zinthu zochititsa manyazi, maso ali pansi. Ndimapuma kamodzi, n'kuzinena zonse, kuyambira chimene munthuyo wayamba nacho.