Chimene Tupochile Anaona Kuseri kwa Khadi

Lolemba lina masana, mvula ya ku Glasgow ikuwaza monga mwa masiku onse, Tupochile anapeza sutikesi yake ili pamasitepe a nyumba ya ku Govanhill kumene ankagona. Pamwamba pake panali jumbo ya mabuku ndi nsapato zake zopitira kutchalitchi. Analowetsa kiyi pachitseko, kiyi n'kukana. Loko anali atasinthidwa m'mawa womwewo.

Sanabe kanthu ndipo sanatukwane munthu. Mlandu wake unali wokana kunena bodza pa nkhani ya makhadi a basiketibolo, timapepala tolimba tija tokhala ndi zithunzi za osewera, timene ena amasunga ngati chuma. Ndikaganiza kuti mwana wa eni anatayidwa pamasitepe m'dziko lachilendo chifukwa cha timapepala, mpaka lero mtima wanga umawira.

Inu amene mukuona ngati aliyense wakutayani, imvani mmene zinayendera.

Tupochile anachokera ku Limbe kudzaphunzira zamalonda. Chaka chachiwiri analephera mayeso, ndipo bungwe limene linkamuthandiza linamusiya pomwepo. Kusukulu anamuuza kuti abwereze chaka. Kumpingo kwa Amalawi, anthu omwe aja ankamuombera m'manja atangofika anayamba kumuyang'ana cham'mbali, ena n'kumamutcha "a Ripiti" akatembenuka. Ife timatero: munthu akagwa, timayamba taseka kaye tisanafunse ngati wavulala.

Amene anamutenga ndi Bambo Fryson, mkulu wa mpingowo. Tiyamike poyenera kuyamika, anamupatsadi kachipinda. Koma silinkapita tsiku osamukumbutsa za kachipindako, ndipo Lamlungu lililonse mpingo wonse unkamva kuti kwa a Fryson kukusungidwa mwana wolephera.

Kuti apeze ya basi ndi sopo, Tupochile anapeza ganyu ku Partick, m'sitolo yogulitsa makhadi a masewero ya mayi wina wa konkuno dzina lake Joan. Ntchito yake inali kusesa ndi kupukuta magalasi. Za basiketibolo sankadziwapo kanthu. Koma anali ndi chinthu chimodzi chimene mayeso aja sanamufunse, diso la mayi ake.

Mayi akewo amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, ndipo Tupochile anakulira pabenchi pawo. Anamuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, chitenje sachigula poona kumaso: umachitembenuza, uone ngati utoto walowa mpaka kuseri, uone m'mphepete ngati mwalukidwa bwino. Chachiwiri, ukaona maluwa amodzimodzi pabenchi iliyonse, usapikule ambiri, ngakhale anthu akulimbirana, chifukwa mwezi wamawa palibe adzawayang'ane.

Tsiku lina Joan anamupeza ataimika tsache, akutembenuza khadi n'kumaliyang'ana kuseri.

"Anthu onse amayang'ana nkhope ya wosewera. Iwe ukufuna chiyani kumbuyoko?" anafunsa Joan.

"Ili laduka mopendama. Chithunzi chatsamira kumanzere," anayankha Tupochile.

Joan anatenga kagalasi kake kokulitsa zinthu, n'kuona kuti n'zoonadi. Kagalasiko anamubwereka, ndipo kuyambira pamenepo akamaliza kusesa ankakhala pakona n'kumaphunzira. Anadziwa kuti khadi limakwera mtengo ngati anasindikiza ochepa, ndipo kuseri kwake amalembako nambala yosonyeza kuti alipo angati padziko lonse. Anadziwa kuti siginecha ya wosewera yolembedwa pakhadi penipeni imaposa ya pakapepala kongomata. Anaphunzira kuona makona, m'mphepete ndi timikwingwirima tosaoneka ndi maso wamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha anali nako.

Kenako kunatuluka makhadi atsopano, amene anthu ankangowatcha a bokosi lofiira. Phokoso lake linali losasimbika. Pa intaneti aliyense ankakuwa kuti wogula lero alemera mawa. Bambo Fryson, amene basiketibolo sanaionerepo n'kamodzi komwe, anamva zimenezi kwa mnzawo wa kuntchito ndipo anapikula mabokosi ochuluka mpaka m'khonde la nyumba yawo munthu ankadutsa cham'mbali. Cholinga chawo chinali kugulitsa kwa anthu a mumpingo. Ankawauza kuti asunge mabokosiwo mpaka Isitala, adzamangira nyumba ku Area 49, ku Lilongwe.

Loweruka anapatsa Tupochile bokosi limodzi kuti alitsegule, mawa lake akaonetse anthu kukongola kwake. Kukongola analidi okongola, onyezimira mpaka kuthobwa m'maso. Koma atawatembenuza mtima wake unangoti phwii. Makhadi a nambala anali ochepa zedi, masiginecha anali ongomata, ndipo ambiri anaduka mopendama. Choipitsitsa, sabata imeneyo anali ataona mabokosi ofiira omwewo m'masitolo akuluakulu a zakudya, ngakhale pamalo omwetsera mafuta. Anali maluwa amodzimodzi pabenchi iliyonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anapita kwa Bambo Fryson paokha, n'kugwada monga analeredwera.

"Bambo, pepani, makhadiwa sadzakwera mtengo. Anawapanga ambirimbiri. Bola mubweze mabokosi amene simunatsegule, nthawi ikadalipo."

"Iwe, wokanika ma exam, undiphunzitse ine bizinesi?" anakalipa a Fryson. "Mawa pa tea uimirira, unene kuti ku shop kwanu akuti ndi investment yabwino. Basi. Ukudya zanga, ukugona mwanga. Ukaona zovuta, chitseko n'chimenecho."

Apa m'pamene ine ndimapsera mtima. Kwathu mwana wosungidwa satsutsa wamkulu pagulu, tonse timadziwa. Ndi mwambo wabwino ukakhala m'manja mwa anthu abwino. Koma pali akuluakulu ena amene ulemu wa ana anausandutsa chingwe chomangira mbuzi. A Fryson sankafuna nzeru za Tupochile. Ankafuna pakamwa pake pokha, chifukwa anthu akanakhulupirira mwana wogwira ntchito m'sitolo ya makhadi. Ndipo ankadziwa bwino kuti mwanayo alibe kwina kogona.

Lamlungu mapemphero atatha, anthu anasonkhana m'holo kumwa tiyi. A Fryson anayala makhadi patebulo, analankhula ngati akulalikira, kenako n'kukodola Tupochile. Iye anaimirira. Anali ataganiza zongonena kuti makhadiwo ndi okongola n'kukhala pansi, popeza limenelo silinali bodza.

Asanatsegule pakamwa, Mayi Olivia anakweza dzanja. Mayiwa ndi amasiye, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mpingo wonse unkadziwa kuti akhala akusunga ndalama ya tikiti ya ndege kwa zaka ziwiri kuti akamange chiliza cha amuna awo ku Ntcheu.

"Mwanangu, ine za ma card sindizidziwa. Abambowa akuti ndikaika ya tikiti, pofika Easter ikhala double. Iwe ndiye umagwira kumeneko. Ndigule?"

Tupochile anayang'ana a Fryson, anayang'ana mayi aja. Anapinda bondo pang'ono, manja kumbuyo.

"Mayi, musagule. Ndalama yanu ithera pompo."

Ndiye mukuganiza kuti anthu anakwiyira ndani? Munthu amene ankafuna kudya tikiti ya mayi wamasiye? Ayi ndithu! Anakwiyira mwana. "Wachita chipongwe." "Ndi zimenezi analepherera sukulu." "Munthu akukusunga, iwe n'kumuyalutsa?" Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati zimene ananenazo zinali zoona.

Mawa lake ndi lija anapeza sutikesi pamasitepe.

Anaimbira foni mabanja anayi a mumpingo. Onse anali ndi alendo mwadzidzidzi, alendo amene palibe anawaonapo. Anakhala pasutikesipo mpaka kulira kunamuthera. Amene anabwera ndi Mayi Olivia, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi, n'kumunyamulira jumbo ya mabuku. Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi, ndipo Tupochile anagona pasofa miyezi isanu, miyendo ili lende kumapeto.

Joan atamva nkhaniyi anafiira nkhope ndi ukali. Koma nayenso anali ataitanitsa mabokosi ofiira.

"Ukutsimikiza zimene unaonazo?" anafunsa.

"Tsegulani bokosi lililonse, tiyang'ane limodzi."

Anatsegula awiri. Tsiku lomwelo Joan anachepetsa oda yake, n'kuuza Tupochile kuti alembe zonse zimene waona, aziike pagalasi la sitolo ndi patsamba lawo la pa intaneti, dzina lake lili pansi.

Musaganize kuti apa zinthu zinayamba kukoma. Anthu amene anali atagula kale mabokosi anamutukwana pa intaneti. Wina analemba kuti wosesa azisesa, za makhadi asiyire eni ake. Ena anasiya kugula kwa Joan. Kutchalitchi, benchi imene ankakhala ndi Mayi Olivia inkakhala ya awiri okha.

Tupochile sanasiye. M'mawa ankapita kukalasi kukabwereza maphunziro amene anamugwetsa aja, masana kusesa, akamaliza kagalasi m'manja. Makhadi atsopano akatuluka ankawayeza n'kulemba. Abwino ankawayamikira, oipa ankawatchula kuti oipa. Ulendo wina analakwitsa, ananyoza makhadi amene pambuyo pake anakwera mtengo. Sanabisale. Analemba poyera kuti anaphonya, n'kufotokoza pamene anaphonyera. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira pamenepo anthu anayamba kumukhulupirira kwambiri.

Isitala inafika. Mabokosi ofiira anali mbwee m'masitolo, mtengo atautsitsa kawiri konse, koma ogula osaoneka. Omwe ankamutukwana aja anayamba kulowa m'sitolo mwakachetechete, makhadi ali m'matumba, kufunsa ngati "Tupo" alipo. Mayi Olivia anakwera ndege n'kukamanga chiliza. Tupochile anakhoza mayeso. Joan anamulanda tsache n'kumupatsa tebulo lakelake pafupi ndi zenera, lokhala ndi nyali ndi sikelo yoyezera m'mphepete mwa makhadi. Chakumapeto kwa chaka cha sukulu anapeza kanyumba kalendi ku Shawlands. Tsiku limene anamupatsa kiyi, anatsegula ndi kutseka chitsekocho kangapo asanalowetse katundu.

Loweruka lina m'mawa anthu ali pamzere patebulo lake, anaona kumapeto kwa mzere kuli Bambo Fryson. Anali atanyamula makatoni awiri a nsapato. Mabokosi ofiira aja atakanika kugulika, anawatsegula onse pofunafuna mwayi, ndipo tsopano makhadi anali osakanikirana ngati nyemba. Anadikira nthawi yawo mofanana ndi wina aliyense, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?" anatero, maso ali pansi. Dzulo anali "iwe", lero "achemwali". "Tatengani onsewa, mungondipatsa chilichonse. Mayi akunyumba akuti asawaonenso."

Tupochile akanatha kuwapatsa ya basi n'kuwatsanzika, ndipo ine sindikanamudzudzula. M'malo mwake anawakokera mpando, n'kuyamba kutembenuza makhadi limodzilimodzi. Panatha maola awiri. Chakumapeto kwa katoni yachiwiri dzanja lake linaima. Kuseri kwa khadi lina kunali nambala yosonyeza kuti padziko lonse alipo khumi okha. Siginecha inali ya pakhadi penipeni, ya mnyamata amene anangoyamba kumene kusewera chaka chimenecho koma tsopano dzina lake lili pakamwa pa aliyense. Makona onse anayi anali akuthwa.

A Fryson sakanadziwa mpaka imfa. Anali atapereka kale zonse ndi pakamwa pawo.

Tupochile analiika m'kachikwama kolimba kapulasitiki, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Bambo, enawa ndi mapepala chabe, monga ndinanenera. Koma ili musaligulitse kwa ine kapena kwa aliyense wopupuluma. Ili lokha likhoza kukubwezerani gawo lalikulu la zimene munataya."

A Fryson anayang'ana khadilo.

"Nanga bwanji mwandiuza?"

"Ndi diso lomwe lija, bambo. Lija munalisinthira loko."

Mukudikira kumva kuti anapepesa? Sanapepese. Anavala chipewa n'kutuluka, khadi lili m'thumba la pachifuwa, ndipo mpaka lero mpingo uja sunaimirirepo kunena kuti unalakwira mwana. Zimenezi zimandiwawa, sindibisa. Koma Tupochile sakudikira kupepesa kwa munthu. Madzulo a tsikulo anakwera sitima kubwerera ku Shawlands, anapisa m'thumba, ndipo kiyi wake anatsegula.

Tsono inu amene munalephera mayeso, inu amene mukugona pasofa ya eni, amene mumauzidwa kuti mutseke pakamwa chifukwa mukudya za wina: chimene makolo anu anakuphunzitsani pabenchi ya mumsika musachinyoze, ndipo musachigulitse ndi kachipinda. Akhoza kukusinthirani loko, koma diso lanu sangalichotse. Osataya mtima, pitirizani kutembenuza khadi.