Mayi Atelala ndi Mapini M'kamwa

Pamsewu wathu, mlendo aliyense wofuna unzika wa dziko lino amathera kwa mayi atelala, aja a pakamwa ngati lumo. Sukulu yawo ilibe bolodi. Amakuimika pakati pa shopu n'kukuveka jekete lakuda la malemu amuna awo, lomwe amabwereketsa aliyense wopita kumayeso a unzika. Kenako amaluma mapini n'kuyamba kukufunsa m'chilankhulo cha kuno, mawu akutulukira m'mphuno. Amati, "Ukandimva ine, wa kuofesi uja ukamumva ngakhale akuyasamula."

Mwezi watha anagwira bambo wina womanga nyumba, chimunthu chodzaza pakhomo, amene ulendo woyamba mantha anamutseka pakamwa. Akanalepheranso, mkazi wake ndi ana akanapitiriza kudikira kudziko lakwawo.

"Amapanga malamulo ndani?" anang'ung'udza mayiwo, akufutukula jekete kumsana.

Bamboyo anangoti zyoli.

"Yankho lili pa nsapatozo? Dzutsa mutu, unene kuti abwereze. Samanga munthu chifukwa chofunsa!" Pini n'kumubaya. Iwo amati inali ngozi.

Tsiku la mayeso bambo uja anabwerako mano onse ali pamtunda, jekete litanyowa ndi thukuta. "Amayi, ndakhoza! Munthu uja amalankhula zomveka, komanso sabaya!"

Mayiwo anatembenukira kukhoma, ati akufuna sizasi, koma tonse tinawaona akupukuta m'maso ndi kachigamba.

"Vula jeketelo, iwe. Mawa likupita ndi kamtsikana kophika buledi kaja, ndiyambe kulichepetsa."