Mamilimita Asanu ndi Atatu a Aboy Tewelde

Aboy Tewelde (kuno ku Asmara bambo wachikulire timamutcha Aboy) anafika pasitolo yanga kumsika wa Medeber Lachiwiri m'mawa akugubuduza tayala limodzi ndi dzanja. Analitsamiritsa pakhomo, nandiuza kuti akufuna anayi otero mpikisano wa magalimoto usanafike. Kunali kutatsala masabata atatu.

Ndinawerama kuti ndiwerenge manambala a m'mbali mwake. Linali la mainchi khumi ndi awiri, labala wake atauma gwa, ming'alu ili ponseponse. Ndinawauza kuti tayala limeneli linapangidwa ine ndili kusukulu ya mkaka, ndipo la saizi yotere sindinaligwirepo chiyambire kugulitsa matayala.

"Ndiye funsa anzako, Rahwa mwana wanga. Si iwe amati umadziwa katundu wa m'kontena isanatsike n'komwe padoko?"

Ndinafunsadi. Ndinazungulira msika wonse, ndinatumiza uthenga ku Keren ndi ku Massawa. Aliyense ankaseka, ati ang'onoang'ono otero anatsala pangolo za akavalo basi.

Kudera la Gejeret palibe amene sadziwa galaja ya Aboy, kachipinda ka malata kokwana galimoto imodzi ndi benchi. Amakonza magalimoto a eni panja, padzuwa, chifukwa m'kati mumagona Seicento yoyera, ka Fiat kakale ka injini kumbuyo. Chaka chilichonse misewu ya mu Asmara ikatsekedwa kuti magalimoto akale apikisane, iwo amakhalapo. Sanapambanepo. Kawiri anakhala achitatu, ndipo zikho ziwirizo amasungiramo mabawuti. Koma chaka chino mkulu woyendera magalimoto a mpikisano analowetsa chikhadabo mumng'alu wa tayala, chikhadabo chonse n'kubisika. Anawauza kuti ndi matayala amenewo sayima nawo pamzere.

Galimotoyo si yawo. Mwini wake ndi akulu awo, Aboy Zerai, amene ankaiyendetsa pamipikisano iwo akali mnyamata wowapatsira masipanala. Nkhondo itakula, Aboy Zerai anathawira ku Italy. Tsiku lonyamuka anaika kiyi m'dzanja la mng'ono wawo, nalifumbatitsa, n'kunena kuti: "Iyi ndi hidri. Uziiyendetsa, uziithamangitsa, koma ndidzaipeze mmene ndaisiyira." Anati abwera mvula ikatha. Padutsa zaka makumi anayi. Munthu akakusungitsa chinthu ndi mawu amenewa, sichikhala chako ndipo sungachitule, kufikira mwini atachitenga kapena atakumasula ndi pakamwa pake. Anzawo a Aboy Tewelde ambiri anachoka, ena ku Jeddah, ena ku Sweden. Iwo ngakhale ku Massawa kwenikweniku sagonako masiku awiri, poopa kuti chinyontho chingalowe m'galaja. Akazi awo ali moyo ankati anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wachitsuloyo.

Ine masamu sandivuta. Ndinakhala pansi ndi pensulo, n'kupeza kuti vutoli n'laling'ono. Tayala lawo lakale, kuchokera pansi kufika pamwamba, ndi mamilimita 537. M'sitolo ndinali ndi anayi atsopano a mainchi khumi ndi atatu, afupi m'mbali. Nditaphatikiza limu ndi labala, anakwana 532. Kusiyana kwake asanu okha, kutanthauza kuti magiya sasintha ndipo galimoto sikwera m'mwamba. Malimu ake ndinawapeza kwa munthu wina wophwasula ma Fiat, maboo anayi a mabawuti ali ndendende. Ndinathamangira kugalaja pepala lili m'manja, ndikuona kale Aboy akulandira chikho chachitatu, dzina la sitolo yanga lili pachitseko cha galimoto.

Anawerenga pepalalo kawiri magalasi ali pamphuno. Anandifunsa ngati malimu akalewo ndiwasiyira. Nditati inde, anavomera, chifukwa chomangidwa ndi bawuti chimamasulikanso, ndipo tsiku lobwera akulu awo adzangobwezerapo akalewo.

Tinamanga onse anayi. Kutsogolo anakhala bwino. Kumbuyo tinatsitsa jeke, ine n'kuwomba m'manja, koma Aboy anaitana a Okbay, owotcherera zitsulo a khomo loyandikana, kuti akhale pamwamba pa injini. A Okbay ndi munthu wathupi. Atangokhala, galimoto inatitimira, ndipo mlomo wa madigadi unagwira labala. Aboy anaikankha pang'ono, tinamva kukhula. Tayala latsopano linali lotambalala kuposa lakale ndi sentimita imodzi, komanso limu linalitulutsira kunja. Ine ndinali nditawerengera kutalika kokha.

Ndinayeza ndi tepi. Pankafunika kuchotsa mamilimita asanu ndi atatu pamlomo wa m'kati, malo oti munthu sangaone pokhapokha atagona pansi ndi tochi. A Okbay anati ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo ngati kudula kukuwawopsa, angoupinda ndi nyundo.

"Chopindidwa chapindidwa, Okbay."

"Tewelde, iwe ndevu zinachita imvi uli pansi pa kagalimoto aka. Zerai akudya pasita ku Bologna, mano alibe. Ukuganiza kuti adzabwera kudzagona pansi ndi tochi? Adzadzutsidwa ndi ndani?"

"Ndidzamuuza ndekha."

"Ndiye muuze lero, m'bale wanga, tisanakuike m'manda ndi kiyi m'thumba."

Ine ndinagwirizana nazo. Ndinati munthu amene ankathamangitsa galimoto sangakane mamilimita asanu ndi atatu. Aboy Tewelde anakana masiku anayi. Akulu awo amaimba okha kamodzi pamwezi, amafunsa za galimoto, iwo n'kuyankha kuti ili bwino, basi. Kupempha kanthu sanayambe apemphapo. Tsiku lachisanu anabwera kusitolo atavala jekete ya kutchalitchi, nati ndiwaimbire pafoni yanga.

Anayankha ndi Lemlem, mwana wamkazi wa Aboy Zerai. Atamva nkhani yonse anati bambo ake mutu sukugwiranso bwino chiyambire chaka chatha. Iyeyo amamutcha dzina la mayi ake. Foni ya mwezi ndi mwezi ija amaimba ndi iye, n'kuwagwirira kukhutu. Anati, "Bambo aang'ono, duleni. Ine ndikukulolani. Galimotoyo ndi yanu, mwaivutikira zaka zonsezi." Aboy anamuthokoza mwaulemu, n'kupempha kuti alankhule ndi mwini wake.

Mawu a nkhalambayo ankamveka patali, koma ndinawamva onse. Aboy Zerai anamuzindikira mng'ono wawo nthawi yomweyo. Aboy Tewelde anafotokoza pang'onopang'ono za ming'alu, za malimu, za mlomo wa madigadi. Kenaka Aboy Zerai anafunsa ngati asilikali akadali pamsewu wa ku Keren, nati mvula ikangotha akubwera, ndipo galimoto asaibwereke kwa munthu.

"Ili mmene ndinaisiyira, Tewelde?"

"Ili momwemo, akulu."

Anandibwezera foni. Ndinawakumbutsa kuti Lemlem walola, ndipo ndiye mwana yekhayo. Anati Lemlem ndi mwana wabwino, koma kiyi sanawapatse ndi iyeyo. Ndinawafunsa kuti nanga akulu awo akapanda kuchira, adzawamasula ndani. Ankangoyang'ana mulu wa matayala.

Sindinagonje. Mawa lake ndinabwera ndi masamu ena. Popeza kutalika kukufanana, atsopano akhale kutsogolo kumene sakukhula, kumbuyo tiike awiri akale amene ming'alu yawo ndi yochepa. Mwina mkulu woyendera uja angalole theka. A Okbay anati mtsikanayu ali ndi mutu. Aboy Tewelde anapukusa mutu, nati galimoto ya injini kumbuyo siyenda choncho, koma poona nkhope yanga anati tikayese.

Tinapita pabwalo lina la phula kunja kwa mzinda, pamene amaphunzitsira madalaivala. Ananditsekera chipewa chachitsulo, ndinakhala pambali pawo. Ulendo woyamba anazungulira pang'onopang'ono. Wachiwiri anaponda, ndipo kainjini kanalira kumbuyo kwanga ngati mavu m'chitini. Pakona anakhotetsa chiwongolero, mphuno ya galimoto inamvera bwinobwino, koma kumbuyo kunangotsetsereka. Ndinaona bwalo lonse likuzungulira, mitengo, a Okbay atagwira mutu, mitengonso. Tinaima mbali yanga itatsala chikhatho chimodzi kuti igunde mwala wa m'malire.

Aboy sanandikalipire. Anatuluka, anazungulira galimoto akuisisita ndi chikhato, nagwada kuyang'ana pansi. Atatsimikiza kuti palibe pokalika, anabwera pawindo langa n'kundifunsa ngati ndili bwino. Anati kutsogolo kukagwira kwambiri kumbuyo kuli kouma, kulemera kwa injini kumafuna kukhala patsogolo, ndipo zimenezo papepala sizilembeka. Kenaka anandimasula chipewa.

Madzulo omwewo anamasula matayala anga, anawatsuka ndi sopo, n'kuwabweza kusitolo pangolo.

Tsiku la mpikisano anabwera ndi Seicento pamatayala ake akale, akuyenda liwiro la njinga. Anaiimika kuseri kwa chingwe, pamodzi ndi magalimoto a owonerera. Anyamata ena anawakuwiza kuti agogo apuma pantchito, iwo anangokweza dzanja. Oyendetsa mpikisano anawapatsa mbendera yachikasu kuti aime nayo pakona yachitatu, pamene iwo amadziwa bampu iliyonse. Ndinaima nawo pamenepo mpaka masana. Galimoto iliyonse ikamayandikira, phazi lawo lamanja linkaponda pansi pamalo oyenera kugwira buleki, ndipo woyendetsa akachedwa ankadzuma.

Pobwerera ndinawauza kuti msuweni wanga wa ku Dubai akuti a mainchi khumi ndi awiri amapezeka kumeneko, kungoti kontena imatenga miyezi isanu ndi umodzi, nthawi zina chaka. Ndinawerenga pa zala kuti mpikisano wotsatira tikhoza kuupeza, ngati sitima sichedwa. Anandifunsa ngati ali a saizi yomweyo ndendende. Ndinati ndikayeza ndekha akafika, kutalika ndi kutambalala komwe. Anati ndiitanitse anayi. Atayenda pang'ono anati ndiitanitse asanu ndi atatu, chifukwa sakudziwa kuti aisungabe zaka zingati.