Masamba Omaliza a Buku la Wansembe

Chichotsedwere ntchito pa eyapoti, ndimathawira mphepo ya Dublin m'sitolo ya mabuku akale. Lero fungo la mapepala achinyezi landikumbutsa kumudzi.

Ndili sitandade faifi, wansembe wachizungu anandibwereka buku la mlembi wamakedzana, lonena za amalinyero. "Ukabweze lathunthu," anatero. Nditafika poti chombo chikumira, ndinapeza masamba omaliza atathotholedwa. Wansembeyo ndikamuuza chiyani? Maso anga anagwera pa amalume, amene ankasuta chingambwe pakhonde.

"Malume, pepala mwakulungira fodyalo mwalitenga kuti?"

"Iwe mphwanga, wandiyesa mbava?"

Ndinasendera pafupi. Moto unkanyeketsa timizere tachizungu.

"Mukuwotcha amalinyero anga! Amamira amenewo!"

Amalume anandiuzira utsi kumaso. "Ngati anyowa, asiye aothe moto."