Chaka Chimene Ndinadumphidwa Miyendo

Kamtengoko ndi ka nsungwi, kotalika kuyambira pachigongono kufika m'manja. Mbali imodzi kanapakidwa penti yofiira imene inatsala popenta zitseko za sukulu, ndipo pakati pake panada ndi thukuta la manja a ana. Ndinakapeza mwezi wathawu m'sutikesi ya amayi, pansi pa zitenje zawo za kutchalitchi, tsiku limene tinkagawa zovala zawo titawaika m'manda. Abale anga ankafuna kukaponya pamoto. Ine ndinakalanda.

Chaka chimenecho ndinali mu giledi sikisi, pasukulu ya kwathu kufupi ndi Chiparamba. M'kalasi sindinali kanthu. Masamu ankandizunguza mutu, ndipo chaka chotsatira sukulu ndinaisiya. Koma liwiro ndinali nalo. Aphunzitsi a zamasewera anandiika womaliza pa atsikana anayi othamanga mopatsirana kamtengo, poti womaliza ndiye amabweza zimene anzake ataya m'njira. Ankanena pamaso pa onse kuti, "Uyu mukangomupatsa m'manja, basi, kapumeni." Mawu amenewo ndinkawasunga ngati mbewu. Ndi chinthu chokhacho chimene munthu wamkulu anandiyamikirapo kusukulu.

Inali nyengo yozizira, thonje lili mbuu m'minda, mphepo ikuwaula milomo. Bwalo tinkalilambula tokha ndi makasu, mizere n'kuilemba ndi phulusa limene aliyense ankabwera nalo m'chitini kuchokera kwawo. Tinkathamanga opanda nsapato, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Poyambitsa liwiro aphunzitsi ankawombetsa matabwa awiri, phaa! Kumapeto kwa Juni masukulu a m'dera lathu ankakumana, ndipo magulu awiri oyambirira ankakwera lole kukapikisana ku Chipata. Ine ku Chipata ndinali ndisanapondeko, ngakhale kuti si kutali.

Kutatsala masabata atatu, kunali ukwati m'mudzi mwathu. Atsikana tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba tikusenda nshawa zotendera ndiwo za alendo, miyendo titatambasula monga timakhalira akazi. Panatulukira mtsikana wina wa ku Nabvutika, komboni ya ku Chipata, wachibale wa mkwati, atanyamula beseni la mbale. Njira yozungulira inalipo. Iye anangodumpha miyendo yanga yonse iwiri n'kumapita.

Kwathu mwana aliyense ankadziwa kuti munthu akakudumpha ayenera kukudumphanso chobwerera. Akapanda kutero sukula, ndipo miyendo imamangika. Anzanga anakuwa, "Bwerera! Wamudumpha mnzathu!" Mtsikanayo anacheuka n'kuseka. "Za kumudzi izo," anatero, mbale zikulira m'beseni. M'mawa mwake anakwera galimoto ya aukwati kubwerera kutauni. Ngakhale dzina lake sindinalimve.

Lolemba ndinapita kubwalo ndili bwinobwino. Ndiye mnzanga wachitatu, amene ankandipatsa kamtengo, anaponya nthabwala: "Tione lero ngati miyendo yodumphidwa imayenda." Sankafuna choipa. Koma nditaima pamzere wanga kudikira, ndinayamba kumvetsera miyendo yanga. Munthu ukayamba kumvetsera miyendo umamva zambiri. Bondo lakumanzere linkalemera. Katumba ankakoka. Zala zinkachita dzanzi. Ndinaganiza kuti poti ndikhala wochedwa, bola ndinyamuke msanga. Ndinanyamuka mnzanga akadali kutali, iye analephera kundipeza, ndinaima, ndinatembenuka thupi lonse, manja athu anasemphana, kamtengo kanagwera m'phulusa.

Mawa lake kanagwanso. Tsiku lina ndinakagwira, koma ndinathamanga maso ali kumapazi, mano nditaluma, mapewa ali m'makutu, mpweya utatha ndisanafike pokhota. Anandipitirira mtsikana wa giledi faifi amene chiyambire ankangoona msana wanga. Ana anaseka. Ine mumtima ndinati, mwaona, zayamba.

Aphunzitsi atamva chifukwa chake anakwiya. "Zachikunja zimenezo! Mwendo ndi fupa ndi mnofu basi." Anajambula mwendo pansi ndi kamtengo komweko, kundionetsa kuti mulibe chingwe chomangira. Lero ndikudziwa kuti ankanena zoona. Koma zoona zawo zinali za m'buku, ndipo mantha anga sankadziwa kuwerenga. Pomaliza anati, "Lachisanu ukagwetsanso, malo ako atenga wa giledi faifi uja."

Sabata imeneyo thole la amalume linathyola khola n'kulunjika kudimba la eni ake, kumene kunali repu ndi tomato. Panalibe wina pafupi. Ndinaponya pansi chidebe chimene ndinasenza, ndinadutsa m'ziputu za chimanga, ndinalumpha ngalande, ndinalitsekereza lisanafike pampanda. Amalume anafika pambuyo akupuma wefuwefu, n'kuima manja m'chiuno.

"Miyendo yomangidwa ija ndi imeneyi? Kapena wabwereka ya munthu?"

Ndinawayankha ndi mtima wonse kuti kudumphidwa kumagwira pabwalo pokha, kudimba ayi. Anaseka mpaka kukhala pachulu. Ataona kuti ndikulira anasiya. Ndikaganiza lero ndimadabwa mmene ndinkatetezera chinthu chimene chinkandipha. Umboni unali pamaso panga, thole lili njenjenje, koma ine ndinaupezera pothawira.

Mutu wanga unkangozungulira malo amodzi ngati mbuzi yapachingwe. Kuti ndimasuke, mtsikana uja andidumphe chobwerera. Kuti ndimupeze, ndifike ku Chipata. Kuti ndifike ku Chipata, ndipambane. Kuti ndipambane, ndimasuke. Chakudya chinasiya kulowa.

Amayi sindinawauze. Anali munthu wa tchalitchi weniweni, wa m'bungwe la amayi, wosaphonya misa ngakhale mvula igwe bwanji. Tsiku lina anadula ndi mpeni kachingwe ka mankhwala kamene achibale anamangirira mng'ono wanga m'chiuno, n'kukaponya m'chimbudzi anthu akuona. Bodza ankadana nalo kuposa kuba. Ndinkadziwa kuti ndikatchula za kudumphidwa, yankho likhala lofanana ndi la aphunzitsi, mwina ndi khofi pamwamba.

Lachisanu m'mawa ndinavala yunifolomu mochedwa dala. Kunja kunali chisanu cholasa m'mafupa, amayi akusesa pabwalo. Anaimika tsache pakhoma.

"Khala pansi apa. Tambasula miyendo."

Ndinakhala, dothi likuzizira kumatako.

"Anachokera mbali iti, mwana wa ku Nabvutikayo?"

Ndinaloza kumanja. Amayi anazungulira kupita kumanzere. Anayang'ana kunjira, uku ndi uku. Anachita chizindikiro cha mtanda mofulumira. Kenaka anakwinya chitenje m'mawondo n'kundidumpha, pang'onopang'ono, phazi limodzi kenaka linzake. Ndikukumbukira fungo la utsi m'chitenje chawo chikundikhudza pamphuno.

"Wodumpha akasowa, amabweza ndi mayi wake wa mwana. Miyendo iyi inaumbidwa m'mimba mwanga. Wa kutauniyo anaidziwira kuti? Nyamuka, uchedwa."

"Zoona, amayi?"

"Ndinayamba ndakunamizapo ine?"

Anali asanandinamizepo. Ndinanyamuka, ndipo ndikunena pamaso pa Mulungu, miyendo inali yopepuka ngati mapesi. Ndinathamanga njira yonse mpaka kusukulu popanda wondithamangitsa. Masana pabwalo sindinamvetsere bondo kapena katumba. Ndinayang'ana mnzanga akubwera, ndinadikira afike pachizindikiro chathu, ndinanyamuka, ndinatambasula dzanja kumbuyo, nsungwi inalowa yokha. Aphunzitsi anati, "Mwaona? Ndinanena ine kuti ndi fupa ndi mnofu." Sindinawatsutse.

Tsiku la masukulu onse ndinalandira kamtengo tili achitatu. Woyamba anali atapita kale, wamtali ngati mlongoti. Wachiwiri ndinamupeza pokhota, ndinamva kupuma kwake pambali panga, kenaka kumbuyo kwanga. Tinamaliza achiwiri. Ndinagona chagada paudzu wouma, kamtengo kali pachifuwa, ndikuseka ndi kulira pamodzi. Sikunali kunyada ayi. Kunali ngati watula mtolo wa nkhuni umene unausenza kuchokera kuphiri.

Lole tinakwera. Ku Chipata ana ovala nsapato za minga anatisiya kutali pa liwiro loyamba lomwe, ndipo sizinandipweteke n'komwe. Ndinaona nyumba zosanja ndi njinga zambirimbiri, ndinadya banzi ndi chakumwa cha m'botolo. Tikubwerera wina analoza kuti uko ndiye ku Nabvutika. Ndinayang'ana madenga ake, ndipo ndinapeza kuti ndilibe naye ntchito mtsikana uja. Potseka sukulu aphunzitsi anandipatsa kamtengoko. Ndinakapereka kwa amayi, n'kukaiwala.

Tsiku logawa zovala lija, amalume anandiona nditakafumbata. Akalamba tsopano, maso achita mtambo, koma anakazindikira pokakhudza. Anayamba kuseka, anthu n'kudabwa kuti akuseka chiyani pamaliro a mlongo wawo.

"Ukudziwa kuti mwambo uja mayi ako anaupeka m'munda wa thonje? Nditamuuza za thole, anandifunsa kuti, 'Achimwene, ulipo mwambo woti mayi n'kubweza?' Ine ndinati sindinaumvepo. Iye anati, 'Kuyambira mawa ulipo.' Loweruka lake anapita kukalapa kwa ansembe kuti wanamiza mwana."

Ndinaseka koyamba chimwalirire amayi. Masiku onse a maliro miyendo inkandilemera, moti kupita kuchitsime kunali ngati ulendo wa ku boma. Madzulo amenewo ndinatenga chidebe ndekha n'kukatunga.

Mwana uja wokhala padothi lozizira ankayesa kuti amayi ake akumasula miyendo. Sakanadziwa kuti miyendoyo sinamangidwepo, ndipo kuti amayi ankadziwa zimenezo kuposa aphunzitsi. Sakanadziwa kuti munthu wodana ndi bodza angasankhe kunama kamodzi, n'kukadziimba yekha mlandu, kusiyana ndi kukangana ndi mantha a mwana wake. Kuyang'ana kunjira kuja, uku ndi uku, ine ndinkayesa ndi mbali ya mwambo. Amayi ankangoona ngati kukubwera wina wa kutchalitchi.