Dokotala Atafunsa za Abale, Ndinawerenga Akuchikazi Okha

Lachiwiri lapitali ndinanamiza dokotala, osadziwa n'komwe kuti ndikunama.

Ndinaperekeza achimwene anga a Laisoni, mlimi wa mpunga ku Lifuwu, kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Chino n'chaka chachiwiri akutsokomola chifuwa chouma, chopanda makhololo. Mankhwala a TB anamwa mpaka kumaliza, koma ayi ndithu. Masiku ano kungochoka pakhonde kufika pamjigo, ali wefuwefu.

Dokotala, mayi wosachedwa ndi nkhani, anayang'ana zithunzi za m'chifuwa, kenako zala za achimwene zotupa kunsonga. Anati mapapo akuchita zipsera n'kumauma, ndipo nthenda imeneyi nthawi zina imayenda m'magazi.

"M'banja mwanu alipo anadwalapo chonchi?"

Achimwene mpweya unali utawathera, ndiye ndinayankha ndine. Ndinawerenga amayi, amalume onse atatu, agogo obereka amayi. "Palibe, adokotala."

Tili mu minibasi pobwerera, achimwene anandigwira mkono. "Iwe, nanga abambo? Nanga azakhali aja?"

Pomwepo ndinazindikira kuti ndanamiza dokotala.

Abambo anamwalira akutsokomola chimodzimodzi, mutu uli mbuu ndi imvi akadali mnyamata. Mlongo wawo, azakhali athuwo, anatsatira. Ife tinati ndi fumbi la mpunga, ena ananong'ona za ufiti, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kodi ndinawaiwala? Ayi. Inu mukudziwa mmene tinakulira kuno. Mbumba ndi ya kuchikazi, mwini ana ndi malume, bambo ndi mkamwini wobwera. Akuchimuna timakumana nawo pamaliro basi. Koma abale anga, magazi amadziwa mwambo? Amafunsa kuti mudzi uno ndi wa yani?

Onjezani khalidwe lathu lina lija. Munthu akamwalira timangoti "anadwala nthawi yochepa", ngati kutchula nthenda n'kutukwana malemu. Mawa mdzukulu akadzayamba kubanika, dokotala adzayambira pati?

M'mawa mwake ndinabwereranso ku Lilongwe ndekha kukakonza bodza langa. Nditatchula za abambo ndi azakhali, dokotala anaika cholembera pansi. Anati zipsera sizibwerera m'mbuyo, koma zikadziwika msanga pali mankhwala ochedwetsa nthendayi, ndipo munthu amatalikira fodya, utsi ndi fumbi mapapo asanathe. Za achimwene anati tachedwa, ngakhale kuti sitinachedweretu.

Kenako anandiyang'ana ine. "Inuyo ndi alongo anu mubwere Lolemba, tidzakuyezeni kapumidwe."

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikuchita mantha, sindibisa. Sabata yonseyi ndikakwera kachitunda ka kumsika wa ku Salima, ndikumamvetsera mpweya wanga.

Koma chondiwawa kwambiri si Lolembalo. Ndili ndi ana atatu, ndipo akukulira kwawo kwa mayi awo, monga mwa mwambo. Tsiku lina dokotala akadzawafunsa funso lomweli, ine adzandiwerenga?